Chithunzi chimauma madzulo kuno ku Makawa pomwe Strength ikuonetsa 80%

Wakunyanja_Makawa

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mawayawa. Kwathu ndi ku Makawa, kumunsi kwa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo nyumba inayang'ana kunyanja. Dikoda yathu ndi ya eriyo, osati ya dishi. Eriyoyo ili pansungwi ya mamita ngati 4 pambali pa nyumba, kutsogolo kwake kuli mitengo iwiri ya mango. Chingwe ndi chopyapyala choyera chija, chotalika mamita 25 chifukwa chimazungulira kukhonde, ndipo chinalumikizidwa pawiri ndi tepi. Mwezi watha ndinagula busita wokuza siginolo n'kumuika kuseri kwa TV.

Masana zonse zimayenda bwino. Ikangokwana cha m'ma 6 koloko madzulo, chithunzi chimayamba timabokosi, mawu kudukaduka, kenako No Signal. Chondizunguza n'chakuti mu menu Strength imakhala pa 80%, koma Quality imavina pakati pa 20 ndi 60, nthawi zina kugweratu pa 0. Kale nthawi ya analogi chithunzi chinkachita mchenga koma nkhani tinkaonera mpaka kutha. Ndiye vuto lili kunsanja, mu dikoda kapena kwa ine? Ndigule busita wamkulupo?

Mmisiri_wa_pa_Boma

Achimwene, ndalama ya busita winayo isungeni kaye. Manambala mwapereka aja akuloza pomwe pali vuto.

Strength imangoyeza kuchuluka kwa chilichonse chimene chikulowa pakhomo la dikoda, kaya ndi siginolo, kaya ndi phokoso. Quality ndiye imanena ngati dikoda ikutha kuwerenga zimene zafikazo. Busita woikidwa kuseri kwa TV amakuza siginolo yotopa kale pamodzi ndi phokoso lonse limene chingwe chatola m'njira, n'kuwonjezerapo phokoso lakelake. Ndiye Strength imakwera ndithu mpaka 80, koma Quality siisuntha, mwinanso imatsika. Manambala a peresentiwa samafanana pa madikoda onse, choncho musamayerekeze ndi a kwa aneba. Muziyerekeza dikoda yanu yomweyo mukasintha chinthu chimodzi.

Tiyeni tiwerengere zimene mukutaya. Mphamvu ya siginolo timaiyeza mu dB, ndipo mukataya 3 dB ndiye kuti theka lapita. Chingwe chopyapyala chotchipa chimadya cha m'ma 25 dB pa mamita 100 pa mafunde a kanema otchedwa UHF, kutanthauza kuti pa mamita 25 anuwo papita 6 dB. Polumikiza popotokola mawaya n'kukulunga tepi pamapita 1 kapena 2 dB pamalo amodzi, ndipo pakalowa madzi zimaposa apo. Mukaphatikiza mupeza 9 dB, ndiye kuti pa magawo 8 a siginolo imene eriyo yagwira, limodzi lokha ndi limene likufika pa dikoda. Chingwe chonyowa mudzachidziwa mukachisenda: ukonde wa mawaya uja umakhala utada kapena kuchita ufa woyera, ndipo thovu loyera la m'kati limasanduka lachikasu.

Gulani chingwe chabwino, RG6 ya 75 ohm, yokhala ndi nsalu ya aluminiyamu ndi ukonde wothithikana. Imeneyi imadya cha m'ma 17 dB pa mamita 100. Boolani khoma pafupi ndi TV m'malo mozunguliza kukhonde, kuti chingwe chikhale mamita 15 basi, chathunthu chopanda polumikiza. Apo mutaya 2.5 dB yokha. Pomanga F-connector, kachitsulo kopotera kumapeto kwa chingwe, sendani khungu lakunja mamilimita ngati 12, pindirani ukonde m'mbuyo, kenako sendani thovu mamilimita 6 kuti waya wapakati aonekere. Onetsetsani kuti palibe kaulusi ngakhale kamodzi ka ukonde kokhudza waya wapakati, chifukwa kamodzi komweko kamapha siginolo yonse, ndipo ngati mwatsegula Antenna Power mu menu dikoda imadandaula za short. Kumtunda, chingwe chisanalowe m'kabokosi ka eriyo chipindeni chitsike pang'ono ngati chilembo cha U kuti madzi a mvula azidonthera pansi. Kabokosiko pakamwa pake payang'ane pansi. Tepi wamba wamagetsi ndi dzuwa la Mangochi amamatuka chaka chisanathe, ndiye funsani tepi wa labala womatirira yekha.

Eriyo ikwere pamwamba pa denga, osachepera mita ndi theka kuchoka pa malata, ndipo isayang'ane m'masamba a mango. Masamba, makamaka onyowa, amameza UHF kwambiri. Onaninso ngati timitengo take tagona kapena taimirira mofanana ndi eriyo za anzanu amene TV zawo sizivuta. Mukalakwitsa pamenepa mumataya 15 dB kapena kuposa. Poizunguza, wina akhale pa TV akuwerenga Quality mokweza, inu muzisuntha pang'onopang'ono n'kudikira masekondi 5 nthawi iliyonse, poti dikoda imachedwa kuyankha.

Busita mumubweze pokhapokha zonsezi zitakanika, ndipo akhale wa pamlongoti, pansi penipeni pa eriyo, wa 15 mpaka 20 dB. A 30 kapena 40 dB aja amakhutitsa dikoda mopitirira mpaka kulephera kuwerenga.

Nangoma_RF

A Mmisiri afotokoza bwino za chingwe. Ine ndiyankhe funso la analogi lija komanso la madzulo, chifukwa zonsezi zikuchokera m'mene netiweki ya digito anaikonzera.

Mayiko a mu Africa, Ulaya ndi Middle East anagwirizana ku Geneva mu 2006 pansi pa bungwe la ITU, loona za mafunde pa dziko lonse, za kagawidwe ka mafunde a kanema wa digito. Mgwirizanowu umatchedwa GE06, ndipo unaika 17 June 2015 ngati tsiku limene analogi ya pa UHF idzasiye kutetezedwa. Mu 2010 mayiko a SADC anasankha DVB-T2, njira youlutsira kanema wa digito pa nsanja, pamodzi ndi MPEG-4, njira yopanikizira chithunzi kuti chitenge malo ochepa. Kuno kwathu mafunde amagawa ndi MACRA, pomwe kampani ya MDBNL, eni ake a madikoda a Kiliye Kiliye, ndi amene amanyamula siginolo za mawailesi a kanema kukazimwaza pa nsanja. Pa UHF, kanema anatsala ndi mafunde a 470 mpaka 694 MHz, omwe ndi matchanelo 21 mpaka 48, iliyonse yotambalala 8 MHz. Kuti mupeze pakati pa tchanelo, chulukitsani nambala yake ndi 8 n'kuwonjezera 306. Tchanelo 21 ndi 474 MHz, 30 ndi 546 MHz, 48 ndi 690 MHz. Nambala imeneyi ndi yothandiza pa Manual Search: lowani mu Info ya tchanelo imene mumaonera, lembani frequency yake, ndipo poyesa eriyo muzikhala pa yomweyo.

Kale 8 MHz imodzi inkanyamula wailesi imodzi. DVB-T2 ikaikidwa pa makonzedwe onyamula zambiri (256-QAM, 32K ndi code rate ya 2/3) imanyamula pafupifupi 40 Mbit/s, ndipo poti tchanelo ya chithunzi wamba (SD) pa MPEG-4 imafuna 2 Mbit/s kapena kucheperapo, mu 8 MHz imodzi, yomwe amati multiplex, mumalowa matchanelo ngati 20. N'chifukwa chake akamasowa amasowera limodzi onse. Koma kunyamula katundu wochuluka chonchi kuli ndi mtengo wake: siginolo iyenera kuposa phokoso ndi pafupifupi 20 dB. Ikakhala pamwamba pa malire amenewo, dikoda imakonza yokha zolakwika zonse ndipo chithunzi chimakhala choyera mbee. Ikatsika ndi 1 kapena 2 dB pansi pake, chithunzi chimatheratu. Analogi inkafooka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake munkaonera mumchenga. Digito ili ngati kuyenda m'mphepete mwa chigwembe, simudziwa kuti muli pafupi bwanji kufikira mutagwa. Masana anu abwinowo mwina muli 2 dB yokha kuchoka kumphepete.

Tsono akatswiri akamajambula mapu a kumene nsanja ifikire, amaganizira wolandira amene eriyo yake ili panja, mamita 10 kuchoka pansi, yokhala ndi gain (mphamvu yokokera siginolo) ya 10 mpaka 12 dB, chingwe chake chikutaya 3 mpaka 5 dB yokha. Amafuna kuti malo 95 pa 100 alionse m'deralo azilandira. Mukatsitsa eriyo kufika mamita 4 mwataya kale 6 mpaka 8 dB ngakhale pamalo poyera, osawerengera mitengo. Onjezani 9 dB ya chingwe ija. Mapu akhoza kunena kuti Makawa ili m'kati, inu n'kukhala mutadzitulutsa nokha. Zimandiwawa kuti ogulitsa madikoda ambiri safotokozera ogula za mamita 10 amenewa, anthu n'kumataya ndalama pa mabusita.

Za nyanja tsopano, poti apa m'pomwe Mangochi amasiyana ndi Lilongwe. Ngati pakati pa inu ndi nsanja pali madzi, eriyo imalandira mafunde awiri: lina lobwera molunjika, lina lonjanja pamadzi ngati kuwala pagalasi. Awiriwa akafika mogwirizana amawonjezerana, akafika motsutsana amaphana. Zimatengera kutalika kwa mlongoti wanu. Mtunda wa pakati pa malo akufa awiri pamlongotipo, pomwe mafunde amaphana, mumaupeza chonchi: kutalika kwa funde kuchulukitsa ndi mtunda wokafika kunsanja, kugawa ndi kawiri kutalika kwa nsanja pamwamba pa madzi. Tingoyerekeza: pa 600 MHz funde ndi theka la mita, nsanja ili makilomita 12 paphiri la mamita 600 pamwamba pa nyanja. Yankho ndi mamita 5. Ndiye kuti kuchoka pamalo akufa kufika pamalo amphamvu ndi mamita awiri ndi theka basi. Choncho kugombe kukweza sikuti nthawi zonse kumapindulitsa. Muziyesa theka la mita lililonse, mukukwera ndi kutsika, n'kumanga pomwe Quality yakhazikika.

Wina anganene kuti DVB-T2 ili ndi guard interval (kampata kosiyidwa pakati pa zidutswa za siginolo) yothana ndi mafunde onjanja. Zoona, ndipo imagwira ntchito pa onjanja kuchokera m'mapiri ngati a ku Namwera kapena a ku Cape Maclear. Pa makonzedwe a 32K aja, guard interval ya 1/16 ndi mamaikrosekondi 224, omwe ndi kusiyana kwa njira kwa makilomita 67, ndipo ndi yomweyi imalola nsanja zingapo kugwiritsa frequency imodzi. Koma funde lonjanja pamadzi limasiyana ndi lolunjika ndi mita imodzi kapena kucheperapo, ndiye 8 MHz yonse imazimirira nthawi imodzi, dikoda n'kusowa chogwira. Nyanja ikachita bata galasi lija limakhala losalala ndipo vutoli limakula. Mwera ukautsa mafunde aakulu, kunjanjako kumamwazikana. Madzi akakwera kapena kutsika, ngati mmene anakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete, malo akufa aja amasunthanso. Ngati n'kotheka, ikani eriyo kuseri kwa nyumba moti denga libise madzi koma eriyo izionabe phiri.

Palinso china cha madzulo abata m'nyengo yotentha. Mpweya wofunda wochokera kumtunda ukagona pamwamba pa mpweya wozizira wa panyanja, mafunde amapindikira pansi n'kuyenda kutali kuposa masiku onse. Apo nsanja yakutali ya frequency yofanana imatha kulowerera. Ife tili pafupi ndi Mozambique, Mandimba ali kuseri kwa Chiponde pomwepa, ndipo nawonso ali pa DVB-T2. Ichi n'chifukwa chake GE06 imafuna kuti mayiko oyandikana azigwirizana kaye asanayatse nsanja kumalire, ndipo powerengera zosokoneza amatenga mphamvu imene imafika pa 1% yokha ya nthawi. Chitetezo chanu apa ndi eriyo yaitali ya timitengo tambiri yokhala ndi sefa kumbuyo, yomwe imamva kutsogolo kokha. Zozungulira zomva mbali zonse zija zimatola chilichonse.

Mayi_wa_Sola_Malindi

Sindikutsutsa za nyanjazo, bambo Nangoma, koma vuto lobwera 6 koloko tsiku ndi tsiku ndingayambe kulifunafuna m'nyumba momwemo. Nyanja siichita bata pa ola limodzimodzi masiku onse, koma mababu amayatsidwa pa ola lomwelo.

Mababu a LED otchipa, matchaja a foni ndi mainiveta a modified sine wave amalavula phokoso lamagetsi, ndipo chingwe cha ukonde wapatalipatali chimalimwa mosavuta, makamaka chikayenda limodzi ndi waya wamagetsi pakhoma. Busita wa kuseri kwa TV uja amalikuzanso. Kuyesa kwake sikulira ndalama. Vuto likayamba, siyani menu ya Quality pa sikirini, zimitsani mababu onse, zulani matchaja, zimitsani fani ndi filiji. Quality ikakwera, yatsani chimodzichimodzi mukudikira masekondi 10 mpaka mugwire chimene chikuigwetsa. Chingwe cha eriyo chitalikirane ndi mawaya amagetsi masentimita 30, ndipo pomwe n'kofunika kudutsana zidutsane mopingasa.

Yezaninso magetsi. Madikoda ambiri amadya 12 V kudzera pa adaputa. Ikani mita pa adaputayo dikoda ili yoyaka. Ikamaonetsa pansi pa 11 V, kapena ikamatentha moti simungaigwire, isintheni ndi ina ya ma amp ofanana kapena ochulukirapo. Ngati muli pa sola, batire yotopa imagwa msanga dzuwa likangolowa, ndipo tuner, mbali ya dikoda yolandira siginolo, ndi imene imayamba kubwebweta TV isanazime.

Chomaliza ndi mafoni. Mafunde opitirira 694 MHz anachotsedwa ku kanema n'kuperekedwa ku mafoni, koma eriyo ndi mabusita akale anapangidwa kuti azimva mpaka 862 MHz. Nsanja ya foni ikakhala pafupi, kapena rauta ya intaneti ikakhala pambali pa TV, busita amakhuta ndi zimenezo, ndipo madzulo ndi pomwe anthu ambiri amakhala pa intaneti. Mankhwala ake ndi kasefa kotchedwa LTE filter kodula pa 694 MHz, koikidwa pakati pa eriyo ndi busita. Mukakaika busita atadutsa kale sikathandiza.

Wakunyanja_Makawa

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinachotsa busita, Strength inatsika kufika 55 koma Quality inakwera kufika 70. Nditazimitsa babu la pakhonde, pomwe chingwe chimadutsa, inafika 78. Chingwe nditachisenda polumikiza paja chinali chakuda bii. RG6 ndi paipi ndikagula Loweruka ku Boma. Ndifunsenso ziwiri: eriyo yomweyi ingadyetse TV yachiwiri kuchipinda? Komanso pali TV yakaunjika yolembedwa Digital imene ndikufuna kugula, kodi ingagwire popanda dikoda?

Mmisiri_wa_pa_Boma

Ingadyetse, achimwene, bola mugwiritse splitter (kabokosi kogawa siginolo) yachitsulo ya ma F-connector, yolembedwa 5 mpaka 1000 MHz kapena kuposa, osati kupotokola mawaya atatu pamodzi. Ya njira ziwiri imadya 3.5 mpaka 4 dB mbali iliyonse, ya njira zinayi 7 mpaka 8 dB, ngakhale TV inayo itazima. Ndiye yambani mwakonza chingwe ndi kutalika, muone Quality itakhazikika pamwamba madzulo atatu otsatizana, kenako muike splitter. Ikagwa pamenepo, ndiye nthawi ya busita wa pamlongoti yakwana. Iyeyo amalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho, choncho splitter ikhale ndi khomo lolembedwa power pass. Onaninso ngati busitayo ndi wa 5 V, amene dikoda imatha kumudyetsa yokha pa Antenna Power, kapena wa 12 V wofuna kabokosi kake. TV iliyonse ifunika dikoda yakeyake ngati mukufuna kuonera zosiyana.

Pa TV yakaunjikayo, mawu oti Digital okha asakukopeni. Tembenuzani muwerenge chikwangwani chakumbuyo kapena mulowe mu menu ya tuner, payenera kulembedwa DVB-T2. Yolembedwa DVB-T yokha, ngati zambiri zakale zochokera ku UK, siingawerenge T2 ngakhale siginolo italimba bwanji. Za ku America zimagwiritsa njira ina yotchedwa ATSC, za ku Japan ina yotchedwa ISDB-T, ndipo Botswana nayonso inasankha ISDB-T ngakhale ili mu SADC. Zoterezi zimagwira ntchito ngati sikirini chabe kudzera pa HDMI kapena AV. Ngakhale ya T2 yeniyeni imangotsegula matchanelo osatsekedwa, otsekedwa amafunabe dikoda ya eni ake. Muiyese pa eriyo musanapereke ndalama, ndipo pa Country musankhe dziko la 8 MHz, apo ayi search idutsa osapeza kanthu.

Poti mukugula paipi, tengani ya galvanised ya inchi imodzi ndi kota kapena inchi ndi theka. Imabwera ya mamita 6. Imangeni pakhoma ndi mabulaketi awiri otalikirana mita imodzi. Ikapitirira mamita 3 pamwamba pa bulaketi yomaliza, ikokeni ndi mawaya atatu mbali zitatu, chifukwa Mwera wa mu June ndi July umazunguza eriyo pang'onopang'ono mpaka kuiphonyetsa nsanja. Mukapeza poloza pabwino, lembani mzere wa penti kuchoka pa paipi kufika pa bulaketi kuti ikadzasuntha mudzaone ndi maso. Musaimike paipi pomwe ingagwere mawaya amagetsi, ndipo poikweza mukhale awiri. Pansi pake mangani waya wakopa wonenepa, wa 10 mm² kapena kuposa, utsike molunjika osapindapinda kukafika pa ndodo yakopa ya mita ndi theka yokhomeredwa m'nthaka. Kwanuko ndi mchenga wouma pamwamba, ndiye khomani mpaka ndodo ifike ponyowa, kapena ikani ziwiri zotalikirana mamita 3 n'kuzilumikiza. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera, zulani chingwe cha eriyo pa dikoda komanso pulagi pakhoma.